Chithunzi cha Mphuno ya Bambo

Chaka chimene mbatata ya kachewere inatiwolera m'munda ku Biriwiri, ndinauza bambo kuti ndikupita ku Joni. Sanandiletse. Anangoti, "Pita, koma udziwe kuti ndalama zosadziwika kochokera ine sindidya."

Ndinapeza ntchito yomanga nyumba zosanja. M'chaka chachitatu, chitsulo chinapulumuka m'manja mwa mnzanga n'kundimenya kumaso. Bala linapola, koma mphuno inaphwatalala n'kupindikira kumanzere. Ine ndine wonyada, sindikana. Kumudzi sindinauze aliyense. Ndinkangotumiza ndalama ndi zithunzi zakale, ndipo akaimba foni ya vidiyo ndinkanamizira netiweki. Lamlungu anzanga akapita kocheza, ine ndinkatsala ndekha m'kachipinda, ndikusunga ndalama za opaleshoni yokonza mphuno.

Dokotala woyamba amene anzanga anandilozera anali ndi kachipinda pamwamba pa shopu ya mafoni. Mtengo wake unali wotsika, ndipo anati tichite mawa lomwe. Nditafunsa za mapepala ake a udokotala, anaseka. Ndinatuluka osatsanzika. Wachiwiri anali mayi wa pachipatala chenicheni. Anandionetsa chiphaso chake, zithunzi za anthu amene anawakonzapo, ndipo sanandibisire kuti mphuno singabwerere ndendende mmene inalili. Ndinamukhulupirira chifukwa cha mawu amenewo.

"Pazithunzi zanu zonse mwayang'ana kutsogolo," anatero. "Ndikufuna ndione mmene inkaonekera cham'mbali. Alipo m'bale amene munafanana naye?"

Mphuno yanga ndinatengera bambo: yaitali, ya kaphiri pakati. Ndinaimbira mlongo wanga Esinati.

"Uwajambule bambo cham'mbali, mphuno ioneke bwino. Koma asadziwe."

"N'zachiyani zimenezo, achimwene?"

"Iwe ingojambula basi."

Mpaka lero ndimadziseka ndikakumbukira uchitsiru umenewo. Munthu wokulira kwathu, osaganiza kuti pempho lotere limveka bwanji! Bambo anamupezerera Esinati akuwazembera ndi foni pamene ankasankha mbewu pakhonde, ndipo iye anaulula kuti ndamutuma ndine. Sabata yomweyo, kutentha kwa Okutobala kutafika povuta, bambo anatuluka kamfuno, magazi mpaka kunyowetsa malaya. Mudzi unamaliza nkhani wokha: mwana wa ku Joni uja wapita kwa sing'anga, akufuna kukhwimira bambo ake kuti alemere. Nanga ankabisiranji nkhope miyezi yonseyi?

Uthenga wa Esinati ndinaumvera ndili kuntchito pamwamba pa nyumba. Ankalira. Anati ndalama zimene ndinatumiza bambo akana ngakhale kuzigwira, ndipo auza akumpingo kuti iwo alibe mwana ku Joni. Ndinaimba kasanu kuti ndifotokoze, koma sanalole kuti foniyo iwayandikire kukhutu. Ndinapempha dokotala kuti asunthe tsiku la opaleshoni, n'kukwera basi ndi mphuno yanga yopindikayo.

Ndinafika masana. Azimayi amene ankachokera kumjigo anatula zidebe n'kumandiyang'ana, koma palibe anandipatsa moni. Ena ananditsatira chapatali mpaka pakhomo. Bambo anali pampando wawo pansi pa mtengo wa pichesi, ataonda. Ndinavula chipewa chimene ndinachikokera kumaso ulendo wonse, n'kugwada.

Anandiyang'ana pamphuno. Ndinkangodikira kuti andithamangitse.

"Wakuchita zimenezi ndani?" anafunsa bambo.

Ndinafotokoza zonse: chitsulo, manyazi, madokotala awiri aja, ndi chimene chithunzi chinkafunikira.

"Ndiye miyezi yonseyi iwe umabisa mphuno?" anafunsa. "Ine ndakhala ndikugona ndi Baibulo kumutu, kuopa mwana wanga yemwe."

Ndinalira pamaso pa anthu onsewo. Ndinkaopa kuti kwathu akandiseka nkhope, koma palibe ndi mmodzi yemwe anaseka. Chimene chinawapweteka n'chakuti ndinavulala ndekha kutali, osawauza, n'kuwasiya kuti aziganiza okha. Ndipo kwathu munthu ukakhala chete, anthu saganiza zabwino.

Bambo anadzuka movutikira, n'kutembenuza mpando wawo kuti uyang'ane kuphiri. Anakhalanso, anakonza kolala ya malaya, n'kukweza chibwano.

"Tulutsa foni yakoyo ujambule, anthu onsewa akuona," anatero. "Ndipo ukamuuze dokotalayo kuti kaphiri ka pakatika asakaiwale. N'ka agogo ako."