Kachingwe ka Josphat

Anzanga, a Josphat Mumba ndinakumana nawo pabwalo la mpira ku Nyimba, m'mawa wina ndikuthamanga ndekha. Anali atakhala pa udzu, magalasi akuda kumaso, ndodo yoyera pambali, ali phee ngati akupemphera.

Nditawadutsa kangapo anati, "Amai, mupuma monga mbuzi yothawa galu. Pumani na pamimba."

Ndinakwiya, koma ndinaima.

Anali msilikali kale. Maso anawonongeka bomba litaphulika ali pantchito kunja kwa dziko. Tsopano ankachita mipikisano ya othamanga osaona, ndipo guide wawo anali atasamuka. Guide ndi munthu woona amene mumagwirana naye kachingwe, n'kumakuuzani zam'njira.

"Malamulo ni awili," anatero. "Osanidonsa, osaninamiza. Ngati pali dzenje, kambani."

Ndinavomera kukhala guide wawo, kaya chinandigwira n'chiyani.

Tisanathamange tinkayamba takhala pansi, kumvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Ine ndinkangoyabwidwa ndi udzu. Iwo amati, "Maganizo a ku nkhondo akabwela, sinilimbana nao. Nipuma, niyamvela, niyaleka yapite."

Tsiku lina tayala la lole linaphulika mumsewu waukulu tikuthamanga. Kachingwe kananjenjemera m'dzanja langa. A Mumba anaima, chala chikusisita mfundo ya kachingwe, akukoka mpweya pang'onopang'ono. Kenako anati, "Yapita. Tiyeni."

Ndinawakonda pomwepo, anzanga.

Posakhalitsa "a Mumba" anasanduka Josphat. Kachingwe tinkagwirana ngakhale popita ku msika, anthu n'kumatiseka. Amayi ake ku Msanzala anayamba kunditcha mpongozi. Mwala uliwonse, muzu, njinga yobwera kutsogolo, ndinkamuuza.

Loweruka lina ndinapita ku Petauke kukaoda katundu wa shopu ya azakhali. Podutsa pabwalo la kumeneko ndinaona Josphat akuthamanga ndi mnyamata wamtali, kachingwe kathu komweko, liwiro loti ine sindikanalifika.

Mnyamatayo, Wilbroad, anandipatsa moni bwinobwino. "Ndimwe a Rachael? Mawa tinyamuka, tiyenda ku camp ku Lusaka. Chaka chino sitibwelako... Sanakuuzeni?"

Ndinatembenukira Josphat. "Unali kuzaniuza liti?"

"Rachael, pa chikweza n'nali kumvela mwamene upumila. Unafika pothela. Sin'nafune kukupweteka."

"Guide sintha, nilibe nazo vuto. Manje ise?"

Chala chake chinapita pa mfundo ija. Anakoka mpweya pang'onopang'ono, nkhope ikuphwa, ndendende ngati tsiku la tayala lija.

Kupuma kumeneko ndinkakudziwa. Anali kundimvera, n'kumandileka ndipite.

Ndinakwera minibasi ya ku Nyimba katundu osagula. Zinandiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero zikundiwawa.

Anzanga, mukagwirana kachingwe ndi munthu, fufuzani ngati lamulo likugwira mbali zonse. Ine ndinamuuza dzenje lililonse la m'njira yake. La kutsogolo kwanga iye ankalidziwa, koma anangoti zii.