Foromani wa penti

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi chule. Titangomaliza mayeso a Giredi 12, ndinaika chule m'chikwama cha mlongo wanga, iye n'kukachitsegula m'tchalitchi pa nthawi ya chopereka. M'mawa mwake amayi anandikoka dzanja mpaka kwa ba Sakala, amene ali ndi yadi youmbira mabuloko m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga. "Mutengeni," anatero amayi. "Azibwela kunyumba alibe mphamvu yogwila achule."

Kuumba buloko sikufuna satifiketi, kumafuna msana. Thumba limodzi la simenti timasakaniza ndi mawilibala asanu a dasiti, fumbi la miyala yophwanya lija. Mumatembenuza ndi fosholo zili zouma mpaka mtundu ufanane, kenaka madzi pang'ono, oti ukafinya m'manja zigwirane koma zisadonthe. Mumathira m'chikombole chachitsulo, kusinja, kusalaza pamwamba, n'kukoka chikombolecho mowongoka. Ikatero buloko imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Ya dzulo imaoneka bwinobwino ngati inzake, koma ukainyamula ndi bisiketi.

Zonsezi ndinaziphunzira msanga. Chimene chinandikanika kumeza ndi Taonga.

Taonga tinali naye kalasi imodzi. Ankakhala kutsogolo, osamveka ngakhale kutsokomola. Ine ndikatsokomola kumbuyo, kalasi yonse inkatsokomola mpaka aphunzitsi kutuluka. Ndiye tangoganizani, ndikufika pa yadi n'kupeza kuti kapitawo ndi iyeyo, poti ankagwirapo patchuthi. Ba Sakala anagwirako ntchito kumakampani omanga, ndipo anabwerako ndi lamulo la zipewa zolimba zija: chachikasu n'cha wantchito wamba, choyera n'cha woyang'anira. Ine anandipatsa chachikasu chong'aluka. Choyera chinali cha Taonga.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti sankachivala n'komwe. Chinkangokhala pashelefu m'chipinda cha simenti, iye atamanga chitambala kumutu ngati akupita kumaliro. Komabe akanena kuti "madzi achepa," ba Daka, mdala woti angamubereke, ankathamangira ndowa. Ine ndikanena zomwezo ankandiyankha kuti, "Uli na manja." Ndinkagona ndikuliona dzina lake pa denga.

Tsiku lina pompi inauma. Ba Sakala anali atapita kukagula simenti, ndipo Taonga anakhoma chipinda chija n'kunyamuka ndi dilamu kukasaka madzi. Pafupi ndi yadi wina ankapaka shopu yake penti yoyera ya madzi, ndipo anasiya chitini panja. Sindinabe, ndinangobwereka burashi. Ndinapaka chipewa changa, n'kuchiyanika pang'ono pa malata, n'kuchivala chikununkhabe.

"Iwe mwaiche," anatero ba Daka, "wagwela mu ufa?"

Ndisanayankhe, lole inaima. Munatsika bambo wina wa nsapato zonyezimira, amene ankamanga nyumba za lendi za ana a sukulu. Anadutsa ba Daka ngati chitsa, n'kulunjika kwa ine, dzanja lili kutsogolo.

"Ba foromani, muli bwanji?"

Chibadwire palibe anali atanditchulapo "ba". Mawuwo anatsikira m'mimba ngati tiyi wa mkaka. Ndinakweza mapewa, mawu n'kuwanenepetsa.

"Nifuna mabuloko manje manje," anatero. "Bomanga bangonkhala chabe, nibalipila vamahala."

Mabuloko okhwima anali atatha dzulo lake. Ndinamuuza zimenezo, iye n'kuloza mizere ya kumapeto. "Nanga aya ni mabanzi? Imwe ndimwe bakulu pano, kambani chabe."

Musaganize kuti sindinkadziwa. Mabulokowo ndinawaumba ndekha dzulo lake. Koma kunena kuti "dikirani kapitawo abwere" kunali kuvula chipewa pamaso pake, ndipo munthuyo ankandiyang'ana mmene ndinkafunira kuti dziko lonse lizindiyang'anira. Ndinatembenuka n'kukuwa kuti, "Kwezani!"

Anyamata awiri a pa yadi anayang'ana ba Daka. Ba Daka anakhala pa wilibala n'kuyamba kuchotsa dasiti m'zikhadabo.

"Nakamba kuti kwezani."

"Tamvela, ba foromani," anatero mdalayo. "Tiyembekeza chabe penti iume."

Ndinayamba kukweza ndekha, pamodzi ndi mnyamata wa pa lole. Buloko iliyonse inkasiya ngodya m'manja mwanga, ine n'kumaitembenuzira mkati kuti mwini asaone. Kumwamba kunada, mvula n'kuyamba, ya madontho akuluakulu ija.

Ndi pamene Taonga anatulukira, akugubuduza dilamu, matope mpaka m'mawondo. Bambo uja anamukalipira kuti achoke panjira ya lole. Iye anaimika dilamu, n'kuyang'ana m'lolemo, n'kuyang'ana ine. Sanakweze mawu.

"Tsitsani."

Ba Daka anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Anyamata aja anali kale pamwamba pa lole.

"Iwe kamtsikana, ndiwe ndani? Nakamba kale na foromani!" Bamboyo anandiloza, ndipo chala chake chinaima m'malere. Penti inali ikutsika pamphumi panga, kudutsa pamphuno, kudonthera pa malaya, ndipo pamwamba chikasu chinali chitayamba kusuzumira.

"Batata, aya ni a mailo," anatero Taonga, kutanthauza kuti ndi a dzulo. "Mukamangila, chipupa chizagwela bana ba bene. Bwelani sabata ya mawa."

Bamboyo anamutukwana zoti sindingalembe pano, anati akamuneneza kwa ba Sakala, anati akagula kwina. Taonga anangoti, "Yendani bwino," n'kupitiriza kulandira mabuloko. Sanafune kuti bamboyo amukonde. Ine zimenezo zinandidabwitsa kuposa mvula.

Ba Sakala atafika anapeza mulu wa zibenthu ndi ine, woyera ngati nyau. Ndinadziwa kuti ntchito yatha, ndipo ndinayamba kale kuganiza za nkhope ya amayi. Taonga ndiye anayamba kulankhula: "Nine n'nasiya yadi yopanda munthu." Kundipulumutsa! Pamenepo nsanje inafika pachimake, chifukwa ngakhale mlandu wanga womwe anandilanda. Ba Sakala anandiyang'ana, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka ndi kuseka. Chilango chinali kuumbanso zonse ndinaphwanya, komanso kuvala chipewacho mmene chinalili, osachitsuka.

Ndimachivalabe, chamawangamawanga ngati nkhanga, ndipo Kalingalinga yense amanditcha ba Penti. Ba Sakala ataona kuti madalaivala amaima kuti andiseke, anandiika kumsewu kuti ndiziitana makasitomala. Kumeneko ndiye kwanga: pakamwa pamagwira ntchito, ndipo palibe amandiposa.

Chimene ndinatolapo n'chakuti chipewa chimanamiza mlendo yekha. Amene mumagawana nawo fosholo amadziwa mutu uli mkatimo. Ndipo tsiku lija sindinalamule munthu aliyense; ine ndi amene ndinkalamulidwa ndi maso a bambo wa nsapato zonyezimira.

Kupepesa sindinapepese, ndipo nditapezanso penti ndikhoza kuyesa mtundu wina. Chipewa choyera chikadali pashelefu paja. Ndimavundikiramo chule, kudikira tsiku limene Taonga adzachinyamule kuti avale, akuwe yadi yonse imve. Ndatopa n'kusintha achule. Mtsikanayo sachikhudza n'komwe.