Dzimbiri la Kumwezi

Inu amene mwalephera mayeso n'kumabisala m'nyumba, tamverani za Rukiya wa ku Chipoka.

Atalephera Fomu 4 kachiwiri, Rukiya anatenga makope ake onse n'kukapatsa mayi wogulitsa zitumbuwa kuti azikulungira. Za sukulu basi, zathera pomwepo. Anayamba kuthandiza bambo ake, a Twaibu, kupala dzimbiri pamaboti achitsulo. Manja ankachita kufiira, mtima ukuwawa.

Koma mafunso mtsikanayu, eee! Tsiku lina anafunsa a Gladys, aphunzitsi ake akale, chimene chimadya chitsulo msanga chonchi kunyanja.

"Ndi madzi ndi mpweya timapumawu," anatero a Gladys. "Ukudziwa kuti asayansi apeza dzimbiri ngakhale kumwezi, kopanda mpweya? Akuganiza kuti mwezi ukakhala wathunthu, kampweya kothawa padziko pano kamakafika kumeneko n'kusintha chitsulo cha m'miyala yake. Bwerera kusukulu, iwe. Kulembetsa kukutha Lachisanu."

Rukiya anangoseka. Zaka 22, akakhale pabenchi limodzi ndi ana?

Lachisanu m'mawa, mwezi ukuonekabe mbuu kumadzulo, anawafotokozera bambo ake za dzimbiri la kumwezi lija. A Twaibu sanapiteko kusukulu, mwezi ankaudziwira pousakasaka poyembekeza Ramadani. Anasiya chopalira n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Mpweya wathu womwewu? Mpaka uko?"

"Pang'onopang'ono, ababa. Kwa zaka zambirimbiri."

"Ndiye iwe, sukulu ili pamsewu apa, ukuti n'kutali?"

Analowa m'shedi n'kutuluka ndi chitini cha penti. M'katimo munali kope la Rukiya la kemisitiri, pachikuto pali mafuta a zitumbuwa. Anali atakalipempha kwa mayi wa zitumbuwa uja tsiku lomwe Rukiya anakapereka makope lija. Poti sankatha kuwerenga, anangosankha lomwe linali ndi zojambula zambiri, poganiza kuti ndi lomwe mwana wawo ankalikonda. Sanaphonye.

Rukiya analira, abale, analira. Kenako anasamba m'manja n'kuthamanga kukalembetsa.

M'kalasi ana ankamutcha "anti". Iye maso pakope basi. Chaka chimenecho anakhoza, kenako anapita kukoleji.

Lero amaphunzitsa kemisitiri konkuno ku Salima. Tsiku loyamba la chaka amaika patebulo msomali wadzimbiri ndi kope lamafuta lija, n'kuuza ana za mpweya umene sunatope mpaka unakafika kumwezi.

Inunso musataye mtima. Mwina pali wina amene wakusungirani kope lanu m'chitini, akungodikira kuti mudzuke.