Tsiku limene bwana anafola pamzere wa matelala ake

Chaka chimene ndinali Folomu 3, amalume anatsala pang'ono kugulitsa injini ya boti lawo. Injini imeneyo ndiyo inkatidyetsa tonse pakhomo, ndiyonso inkandilipirira sukulu. Ndalama zake ankafuna kuziika mu kampani ya mnzawo amene anaphunzira naye ku madrasa, yosoka mayunifolomu a alonda, ophika ndi anyamata a m'maloji a ku Chembe. Mnzawoyo, amene tauni yonse inkangowatcha bwana, anawalonjeza kuti phindu azigawana pakati.

Amalume anapita kukadzionera okha, ndipo anabwerako nkhope ikuwala. Akuti makina ankalira moti anthu samamvana, malaya a khaki ali lendelende mpaka kudenga, ndipo anawadyetsa mpunga wa chambo. Akazi awo, azakhali, anangofunsa ngati chambocho nacho chili m'gulu la katundu wa kampani. Kenako anandikokera kuseri kwa nyumba nandiuza kuti poti ndimaphunzira za bizinesi, ndikafufuze ngati kampaniyo ili moyo kapena ikupumira m'mwamba.

Aphunzitsi athu ankati thanzi la kampani limaonekera m'mabuku ake. Koma ndi bwana uti angatsegulire mabuku mtsikana amene Mangochi yense amadziwa kuti anakulunga belu la sukulu ndi nsanza kuti lisalire? Ine ndinaganiza zanga. Wodziwa ngati mumphika muli kanthu ndi amene amadyamo.

Ndinapita kwa mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomo pa kampaniyo. Nditagula ziwiri, ndinawanong'oneza kuti loji yatsopano ku Chembe ikufuna matelala, malipiro mwezi ndi mwezi osadumphitsa, ndipo manijala akumana ndi ofuna ntchito Loweruka m'mawa patsinde pa mtengo wa mango wa kudepoti. Ndinawalumbiritsa kuti asauze munthu. Kwathu kuno ukafuna nkhani iyende msanga, umayamba ndi lumbiro.

Loweruka ndinanyengerera amalume kuti andiperekeze kokagula nsapato. Titafika kudepoti ndinayamba kutsimphina, n'kunena kuti tipume kaye m'kanyumba ka tiyi koyang'anizana ndi mtengo uja.

Woyamba kufika anali telala wamkulu, wa ndevu zoyera, atavala kanzu yosita bwino. Anaima n'kumayang'ana mango osapsa ngati ndiwo anadzera. Wachiwiri atatsika pa kabaza n'kuona mnzake, ananamizira kuti akudikira minibasi ya ku Malindi. Anafika wina, nafikanso wina, mpaka kamnyamata kosokerera mabatani. Poyamba ankazembana maso, kenako anangoseka n'kufola mzere, aliyense tepi yoyezera ili m'khosi.

Amalume anaika kapu pansi. Anandifunsa kuti anthu a mnzawo akutani pano nthawi ya ntchito, ine n'kuwayankha kuti mwina akudikira maliro. Apa n'kuti ndikudziluma lilime kuti ndisaphulike ndi kuseka.

Zimene zinatsatira ngakhale ine sindinaziyembekezere. Panatulukira bwana mwini wake, wapansi, nsapato zopolisha, tepi m'khosi ngati anzawo. Bwana anawayang'ana matelala onse, napereka salamu, nakaima kumapeto kwa mzere, n'kufunsa wa mabatani ngati manijalayo akulembanso anthu achikulire.

Amalume anatuluka, ine pambuyo pawo, kutsimphina kutatheratu.

"Achimwene, mwabwera kudzabweza antchito anu?" anafunsa amalume.

"Kuwabweza kuti akadye chiyani? Ine ndikungodandaula kuti andipitirira pamzere," anatero bwana.

"Nanga makina aja ankalira tsiku lija?"

"Theka lake ndinabwereka kwa matelala a m'makonde. Munali mlendo, achimwene. Mlendo amamuyalira mphasa yabwino ngakhale ili ya aneba."

Amalume anaseka mpaka kugwira mtengo. Bwana anafotokoza mosabisa kuti maloji masiku ano akugula malaya a pakaunjika n'kungosokapo chizindikiro chawo, ndipo iwo ankayembekeza kuti ndalama za injini ziwakankhako mpaka zinthu zitasintha, Inshallah.

Kenako telala wa ndevu uja anafunsa kuti manijala ali kuti, dzuwa lakwera. Amalume anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Ine ndinaloza chala pachifuwa panga ndi ulemu wonse, n'kuwauza kuti malo onse adzaza.

Akanandidya wamoyo pakanapanda bwana, amene anati mwana amene wasonkhanitsa antchito ake onse pa nthawi yake, chinthu chimene iwo chinawakanika chaka chonse, asakhudzidwe. Amalume anagulira aliyense tiyi ndi sikono, ndipo ine anandilamula kuti tchuthi chonse ndikasokerere mabatani kwaulere. Ndinasokerera ndithu, ena mwa iwo mbali yolakwika, ndipo ndikumva kuti ku Chembe kuli mlonda amene mpaka lero amamanga malaya ngati bulauzi.

Wogula injini anabwera Lolemba ndi ngolo yoti anyamulirepo. Anapeza amalume ali kale panyanja, ndipo azakhali anam'patsa madzi akumwa n'kumuperekeza mpaka pamsewu.