Ana Anga Ankaimba Zilembo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera malume anga, amene anali akatekisiti ku Ludzi. Ndinali nditakhoza JC koma kupitiriza sukulu kunakanika, ndiye ndinangokhala pakhomo chaka chathunthu, kusoka fodya m'chigafa cha bambo. Tsiku lina malume anabwera pa njinga nkundiuza kuti sukulu ina yaing'ono cha ku Kapondo ikufuna mphunzitsi wothandizira.

"Ukakagwira bwino, adzakulembera kalata yopitira ku koleji ya uphunzitsi," anatero.

Ndinanyamuka ndi madiresi awiri, mphasa ndi poto.

Aphunzitsi tinalipo atatu: ahedi athu a Mbewe, bambo wamtali wosakonda kulankhula, a Zulu, ndi ine. Anandipatsa Sitandade 1. Kalasi yake inali yofolera udzu, ana ankakhala pansi mothithikana mpaka pakhomo. Bolodi linali khoma lomwelo, lopaka makala a m'mabatire akale a wailesi. Choko ankatipatsa ziwiri pa sabata, moti ndinkalembera mpaka kachidutswa kothawa m'zala. Masileti analipo ochepa, ena osweka. Belu linali limu la tayala la lole, lopachika mumtengo wa mango.

Sabata imene sindiiwala inali ya mu Novembala, mvula isanagwe. Lolemba m'mawa ahedi anandiitana.

"Madamu, Lachisanu kukubwera insipekitala. Mabuku anu a sikimu, lesoni pulani ndi rejisitala akhale m'malo mwake. Ana anu akawerenge ma, me, mi, mo, mu."

Tsiku limenelo ndinaphunzitsadi. Lachiwiri sukulu yonse inapita kumunda wa sukulu kukagalauza mizere ya mtedza. Ana anga, poti makasu ankawalemera, ankatola mapesi, ine ndikuthamangitsa amene ankazembera kumango. Lachitatu belu litangolira kunafika atcheyamani a chipani. Anati Loweruka kudzakhala msonkhano wa alendo akuluakulu, ndipo ana onse aphunzire nyimbo zowalandirira. Masiku amenewo munthu sunkafunsa kuti nanga maphunziro. Ahedi anangoti, "Zamveka, bambo."

Tinaimba pabwalo Lachitatu lonse, Lachinayinso mpaka masana, dzuwa lili phwee, fumbi m'kamwa. Woyambitsa nyimbo ndinali ine chifukwa ndinali mkazi ndekha. Kamtsikana kena kanakomoka, tinakathira madzi kumutu nkukagoneka pamthunzi, ena onse akuimbabe. Titamaliza tinakatenga dothi kudambo nkuzira pansi m'kalasi, kuti insipekitala asadzakhale pafumbi. Pofika apo mawu anga anali atasasa, miyendo ikuwawa ngati ndayenda ulendo wa ku Chipata wapansi.

Panatsala kanthawi pang'ono ana asanaweruke. Ndinalemba mizere ya zilembo pabolodi, ndinatenga kansungwi, nkumaloza kuchokera kumanzere kupita kumanja, iwo akukuwa pamodzi. Tinabwereza mpaka zinayamba kukoma m'khutu. A Zulu anasuzumira pawindo nati, "Aaa, ana anuwa akudziwa!" Inenso ndinakhulupirira, chifukwa mphamvu zokayikira ndinalibe.

Lachisanu insipekitala anafika pa mthuthuthu, suti yake ili mbuu ndi fumbi. Anakhala pampando wanga kumbuyo, nayamba kusanthula mabuku anga. Ine ndinaloza ndi kansungwi, ana anaphulika: "Ma, me, mi, mo, mu!" Mtima unakhala pansi.

Kenako bamboyo anadzuka, anandipempha dasitala, anafufuta zonse. Analembanso zilembo zomwezo koma mosakaniza. Analoza mu.

"Ma!" kalasi yonse inakuwa.

Analoza mo.

"Me!"

Anaimiritsa Tereza, mtsikana amene ankakuwa kuposa onse, namulozera chilembo chimodzi chokha. Tereza anayang'ana bolodi, anayang'ana ine. Ankadikira kuti ndimuyambitsire, monga ndinkachitira pabwalo paja. Nditapanda kutero anayamba kulira.

Mu ofesi ya ahedi, insipekitala anandifunsa, "Mayi, sabata ino mwaphunzitsa masiku angati?"

Yankho loona linali tsiku limodzi. Koma kunena zimenezo kunali kunena kuti nyimbo za chipani zadya maphunziro, ndipo tinkadziwa kumene anthu olankhula chotere ankathera. Ndinayang'ana a Mbewe. Iwo anali akuyang'ana nsapato zawo.

"Asanu, bwana."

"Mawu anuwo anathera m'kalasi?"

"Inde, bwana."

Ndikhulupirira insipekitalayo ankadziwa zonse, poti sukulu zimene anadutsa m'njira nazonso zinkaimba.

"Chabwino, ndilemba asanu," anatero motsitsa mawu. "Koma ana aja sakuwerenga, akuimba. Mwana aliyense muzimumva payekha."

Mu lipoti analemba kuti sindinakhwime. Kalata ya ku koleji inadikira chaka china.

Tsiku limenelo sindinaphike. Ndinafika kunyumba nkudzigwetsa pansi ndi nsapato zomwe, osadziwa kuti ndikwiyire ndani. Loweruka ndinakayambitsabe nyimbo ndi mawu osasawo, alendo anaomba m'manja. Lamulungu ndinamanga katundu kuti ndibwerere kwathu, madzulo ndinamasulanso, chifukwa ndinalibe nkhope yokaonana nayo ndi malume.

Lolemba lake ndinatulutsa ana panja. Aliyense anasalaza kamalo kake pamchenga, ine ndinkatchula chilembo, iye nkulemba ndi chala. Ndinkayenda chowerama kuchoka pa mwana uyu kupita pa uyo, kugwira kadzanja, kufufuta, kuyambiranso. Amene ankadziwadi zilembo sanakwane zala za dzanja limodzi. Ena ankalemba e chozondotsa, wina ndinangozindukira tsiku lomwelo kuti samva bwino khutu limodzi, pamene ndinali naye mwezi wathunthu. Pofika masana msana unkakana kuwongoka. Zinali zochedwa, zosakoma m'khutu, ndipo palibe amene anasuzumiranso kudzandiyamikira. Tereza anawerenga liwu lake loyamba payekha chimanga chitamasula ngaiyaye.

Ku koleji ndinadzapita, ndipo ndaphunzitsa ana aang'ono mpaka kupuma ntchito. Zaka zonsezo, kalasi ikandiyankha pamodzi mokoma, sindinkasangalala msanga. Ndinkaika choko pansi, kupita kwa kamwana kamene kabisala kumbuyo kwa anzake, kugwada pambali pake, nkukauza chapansipansi kuti, "Tsopano undiuze iweyo wekha."