Makaseti a Atate ndi Dima Lopanda Mowa

Fungo la fodya wamuwisi limandibwezerabe kuchigafa cha atate ku Chidzolomondo. Ndi fungo lolemera, lowawira kukhosi, ndipo utomoni wake umamata m'zala mpaka kuda bii, osachoka ndi madzi okha. Chaka chimene ndikukumbukachi ndinali ndisanayambe kugwira khasu lalikulu. Tinali titangokhazikika kumene pamudzi pa amayi, titabwerako ku Malawi kumene nkhondo inatithamangitsira, ndipo atate anali atadzala fodya kwa nthawi yoyamba.

Kothawako atate sanabwereko ndi katundu wambiri. Anabwera ndi Baibulo, wailesi yoimba makaseti, ndi chitini cha mabisiketi chodzaza makaseti a nthabwala. Anali munthu wosalankhulalankhula, mkulu wa mpingo, ndipo anthu ankadabwa kuti munthu wotere angamasonkhanitse zoseketsa. Kaseti iliyonse inali ndi mbiri yake. Ina anasinthanitsa ndi tambala, ina ndi nyemba pamsika wa kumalire, ina anapatsidwa ndi mphunzitsi amene anagona kwathu mtsinje utadzaza. Asanaiike m'chitini ankayamba aimvetsera okha kuseri kwa nkhokwe, ndipo ikakhala ndi mawu olaula ankaibweza kumene yachokera. Lamulungu chitinicho sichinkatsekulidwa.

Ntchito yanga inali ya mapilya, kapena kuti mabatire, ndi kaneta yolembera. M'mawa ndinkayala mapilya pamwala kuti aothe dzuwa, chifukwa tinkati akatenthedwa amapezako mphamvu yoimbitsa wailesi. Kaseti ikatha sitinkalola wailesi kuibweza yokha, kuopa kutha mapilya. Ndinkalowetsa kaneta pabowo n'kumaizunguza m'mwamba mpaka fita yonse itabwerera poyambira. Imene ndinkabweza kawirikawiri inali ya bambo wina amene anagula njinga yatsopano koma osafuna kuikwera kuopa kutha matayala. Pamatope ankaisenza pamutu, ndipo pogona ankaifunditsa bulangete lokhalo la m'nyumba, mkazi wake akunjenjemera ndi chisanu.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa mosalekeza, kenako dzuwa linawala masiku angapo, ndipo fodya anakhwima nthawi imodzi munda wonse. Masamba anayamba kuchita chikasu kuyambira m'munsi. Fodya akathyoledwa safuna kugona pansi. Ayenera kusokedwa ndi kupachikidwa pamikangala m'chigafa, apo ayi amatentha pamulu n'kuwola. Manja athu anali ochepa: atate, ine, ndi amayi amene anali ndi pakati pa mlongo wanga.

Kwathu ntchito ikakula munthu amaitana dima. Anansi amabwera kudzathandiza, ndipo mwini ntchito amawaphikira ndi kuwafululira mowa wa masese. Atate sankamwa, ndipo sankalola kuti pakhomo pawo pafululidwe mowa. Amalume a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi, anabwera kudzawalangiza masamba atangoyamba chikasu.

"Alamu, thobwa ndi la ana ndi odwala," anatero. "Fululani kamtsuko kamodzi basi. Abusa ali ku Furancungo, adzamva liti?"

"Amene ndimamuopa sali ku Furancungo, alamu," atate anayankha, n'kupitiriza kusema mikangala.

Madzulo a tsiku loti mawa ndi dima tinathyola masamba ochuluka kuposa amene anthu atatu akanasoka, podalira kuti anansi abwera. Kutacha, thobwa linali lodzaza mitsuko, nyemba zikubwata, koma anabwera amayi awiri okha a kumpingo. Ena onse anali atamva kuti mowa kulibe. Dzuwa likukwera, amayi anga anapisa dzanja pakati pa mulu wa masamba. Analitulutsa n'kuyang'ana atate, ndipo ngakhale ine ndinadziwa kuti m'katimo mwayamba kufunda.

Atate analowa m'nyumba n'kutuluka ndi wailesi ndi chitini. Anatembenuza mtondo pakhomo pa chigafa, anaikapo wailesi, n'kuitsegula mpaka pamapeto, chinthu chimene sanachitepo n'kale lonse. Njira ya kuchitsime inkadutsa kuseri kwa chigafacho. Oyamba kuima anali ana, kenako amayi a ndowa pamutu, kenako anyamata amene ankapita kudimba. Aliyense akangokhala pansi kuti amvetsere, atate ankamupatsa singano yosula ku sipoko ya njinga pamodzi ndi luzi. "Khutu lizimva, manja azisoka," ankatero. Mbali imodzi ya kaseti ikatha, nkhani ili pokoma, sankaitembenuza. Ankaloza mulu wa masamba n'kunena kuti mbali inayo ili pansi pake. Anthu ankadandaula, koma singano zinkathamanga.

Amalume nawo anafika, akuti akungodutsa. Anaima patali manja ali kumbuyo, nkhope atailimbitsa. Pasanapite nthawi mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo pamene ankapukuta misozi singano inali kale m'manja mwawo.

Masana kunachita mitambo. Mulu waukulu unali usanakhudzidwe, ndipo atate anaika kaseti ya njinga, imene anaisungira nthawi imeneyi. Inayamba bwino, koma itafika pamene bambo uja akufunditsa njinga yake, mawu anayamba kukoka ngati ng'ombe yolira kutali. Kenako wailesi inangoti zii. Ndinatulutsa mapilya, ndinawapukuta pamalaya, ndinawagogodanitsa, koma dzuwa loti ndiwaothetse kunalibe, ndipo kogula ena kunali ulendo wa tsiku lathunthu. Anyamata anayamba kuimirira akusasa mathalauza. Wina ananena kuti kutsidya kwa mtsinje mowa wapsa.

Pamenepo amayi anga, osadzutsa mutu pa zimene ankasoka, analankhula ndi mawu akuthwa amene sindinawamvepo pakamwa pawo. Anali mawu enieni a mkazi wa m'kaseti, kuyambira pamene wailesi inalekezera.

"Nanga abambo, ine mundisudzula liti, poti mkazi wanu weniweni mwamufunditsa kale?"

Anthu anayang'anana. Atate anatsokomola pang'ono, anayang'ana pansi, kenako anayankha ndi mawu onong'ona a mwini njinga.

"Tsitsani mawu, amayi, mudzutsa njinga!"

Chigafa chonse chinaphulika. Anyamata anakhalanso pansi. Awiriwo anapitiriza seweroli mpaka kumapeto osalumpha paliponse, amayi akukalipa uku akusoka, atate akuyenda monyang'ama pakati pa anthu atasenza mkangala pamutu ngati njinga pamatope. Amalume anagona chagada pamasamba. "ANaphiri," anafuula kwa mlongo wawoyo, "munkazibisa kuti zimenezi?" Litatha limenelo anthu anapempha lina, ndipo atate analoza mulu monga poyamba. Mvula inayamba tikupachikabe, koma panalibe amene anathawa. Mkangala womaliza unakwera kusanade, thobwa linatha lonse, ndipo masamba amene tinataya anali ochepa chabe a pansi penipeni.

Masabata otsatira ndinkayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo. Ndinkauza anzanga onse kuti wailesi yathu yagonjetsa mowa, ndipo amene ankafuna kugwirako kaneta yanga ankayamba wandipempha bwino. Kwa ine nkhani yonse inali imeneyo: atate anali ndi chitini chimene wina aliyense analibe, ndipo anakana kufulula koma fodya wawo sanawole.

Zimenezo ndi zoona ndithu, ndipo ndimazinyadirabe. Koma tsopano, pamene ndinaika m'manda mkazi wanga, ndimaona zimene ndili mwana sindinaone. Fodya wotsalayo anapulumuka wailesi itafa kale. Kuti anthu awiri aloweze sewero lonse, wina mawu a mwamuna wina a mkazi, ndiye kuti analimvetsera limodzi kambirimbiri, m'zaka zija za kothawa pamene zoseketsa zinali zosowa, ndipo ankayankhizana paokha ine ndisakudziwa. Amayi anayamba osafunsa kaye, podziwa kuti mkulu wa mpingo wamanyaziyo sawasiya okha pamaso pa anthu. Ndipo atate anayankha.