A Festus ndi mwala wosendeka

A Festus a ku Kasakula akhala akukonza mawailesi chiyambire unyamata wawo. Wailesi ikafa kotheratu amachotsa maginito a m'sipika n'kuponya m'chitini. Mwana wawo Talandira anakula akutola misomali ndi maginito amenewo, ndipo lero ali ku yunivesite ku Joni.

Chinkawasautsa ndi foni. Talandira akaimba, nkhani inkathera pa mvula ndi moyo wa amayi ake, kenako zii. A Festus ankaona kuti mwana akuwapulumuka, ndipo chifukwa chake sichinali mtunda.

Nthawi yokolola analimba mtima. "Kodi kwenikweni umagwira chiyani kumeneko?"

"Ndimasenda mwala, ababa, ndi selotepi, mpaka utapyapyala moti sungasendekenso. Ndikaunikira ndi kuwala kofiira, umabweza kwa buluu. Koma zimatheka ukazizira kwambiri, chifukwa m'pamene umakhala maginito."

Kuzizira? Mwanayu waiwala Juni wa ku Ntchisi?

Kumunda kwawo kuli mwala wonyezimira umene umasendeka ngati anyezi. A Festus anautola, nagula selotepi, nayamba kumata ndi kumatula pakhonde.

"Anzanu akutonola chimanga, inu mukusenda miyala," anatero akazi awo a Tabita. "Tithire mchere kapena tomato?"

"Dikirani Juni, amake Talandira."

Juni anabwera ndi nkhungu yake, mapiri osaoneka, mbuzi zikukana kutuluka m'khola. M'mamawa a Festus anaika kachidutswa kopyapyala pa maginito, nakuta tochi ndi pepala lofiira la switi, naunikira. Kofiira kunapita, kofiira kunabwera. Anayesanso m'mawa mwake, ndi m'mawa winanso. Chimene anapeza ndi chimfine.

Anaimba foni ali ndi manyazi, nafotokoza zonse. Talandira anaseka mpaka kutsamwa.

"Ababa inu! Kuzizira kwake n'kwakuti mpweya tikupumawu umauma gwa! Ndiponso mwala wake si umenewo."

"Nanga iwe umapuma chiyani?"

"Umene umazizira ndi mwalawo, m'kabokosi. Ine ndimakhala panja ndi tiyi wanga." Kenako anafunsa, "Koma mwasendadi? Sumang'ambika?"

"Kung'ambika kokhakokha. Ndatukwana mpaka amayi ako andithamangitsa pakhonde."

"Inenso wanga wandivuta mwezi wonse uno! Dzulo ndalira."

Zakulirazo a Festus anali asanazimvepo chipitire mwanayo. Anatsokomola.

"Ndiye tandiuza bwinobwino. Kofiira kumasanduka bwanji kwa buluu? Amathira utoto ndani?"

"Palibe utoto. Kuwala kumabwera m'tizidutswa. Tofiira tiwiri tikalowa limodzi, timaphatikana n'kutuluka kamodzi kamphamvu. Muli ndi nthawi? N'zazitali."

A Festus anakokera mpando padzuwa limene linali litangoboola nkhungu.

"Amake Talandira, mbuzizo tsekulirani nokha. Eya, mwanawe, tiwirito timadziwana bwanji?"